Nyimbo ili ndi zotukwana: tiikonze bwanji kuti ilire pa wailesi, nanga malamulo akuti chiyani?

Mnyamata wa ku Chawama

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Pali nyimbo yatha kujambulidwa, ya Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba pang'ono monga timayankhulira muno mu Lusaka. Mu vesi yachiwiri muli mawu atatu otukwana, enieni aja oti sungawatchule apongozi ali pafupi. Vesi yachitatu ilibe chotukwana, koma ikudzudzula khansala wa dera lina pa nkhani ya ngalande ndi zinyalala, ndipo dzina lake latchulidwa. Tikufuna ipite ku mawailesi, pa YouTube ndi pa Boomplay. Kodi mawu atatuwo tiwachotse bwanji kuti nyimbo isawonongeke? Ndipo ndimamva kuti lamulo lomanga anthu onyoza linachotsedwa, ndiye kuti vesi yachitatuyo ilibe vuto?

Wa situdiyo ku Kabwata

Achimwene, ine ndiyankhe za manja, za malamulo abwera nazo eni ake.

Musagwire MP3 imene yatha kale. Bwererani kwa amene anajambula akatsegule session yonse, kaya ndi mu FL Studio, Cubase kapena Logic, pomwe mawu a woimba ali paokha ndipo biti ili payokha. Mukadula pa nyimbo yosakaniza kale mumadula ndi ng'oma yomwe, ndiye pamatsala dzenje loti aliyense alimva.

Njira yabwino kuposa zonse ndi yoti woimba abwerenso aimbe mzerewo ndi mawu ena. Koma asaimbe liwu limodzi lokhalo. Aimbe mizere iwiri yonse, kuyambira pomwe anapumira mpaka pomwe akupumiranso, pa maikolofoni yomweyo, m'chipinda chomwecho, ataima patali chimodzimodzi ndi poyamba. Mukasintha maikolofoni kapena akayandikira kwambiri, mzerewo umamveka ngati chigamba chatsopano pa malaya akale. Liwu lolowa m'malo likhale ndi maphatikizo ofanana nambala ndi lakalelo, apo ayi limathamangitsana ndi biti.

Ngati woimba sakupezeka, zimitsani liwulo. Dulani kachigawo ka mawu a woimba kokha, ndipo mbali zonse ziwiri muike fade, kutsitsa ndi kukweza mawu mosalala, ya mamilisekondi 5 mpaka 10. Mukapanda kutero pamamveka kaphokoso koti "thi" pomwe mwadulapo. Mpatawo mutha kuusiya biti ikulira yokha, kapena kuikapo kamfuu ka woimba kochokera pena m'nyimbo momwemo.

Ambiri amakonda kutembenuza liwu kuti limveke chobwerera. M'Chingerezi zimatheka, koma m'Chinyanja nthawi zambiri sizibisa kanthu. Mawu athu otukwana ndi aafupi, maphatikizo awiri kapena atatu, ndipo ambiri amabwereza lembo la liwu lomwelo. Mukatembenuza liwu la "a" ndi "a", limatulukanso "a" ndi "a", kamvekedwe kake osasintha, ndipo mwana wa giredi 4 alizindikira. Kaphokoso ka "piii" ka 1 kHz kaja nkabwino pa nkhani, koma m'nyimbo kamabaya m'khutu ndipo kamangolozera anthu pomwe pali chinthucho.

Pali china chimene ojambula ozolowera nyimbo zakunja amaphonya. Kutukwana kwathu sikukhala m'liwu limodzi. Kumayamba ndi "pa", kumatha ndi "pako". Mukachotsa lapakati lokha nkusiya "pa ... pako", mwatukwanabe, womvera amamaliza yekha. Chimodzimodzi "mako": palibe chiwalo chatchulidwa, koma ndi chipongwe chokwanira kuyambitsa ndewu pa siteshoni ya mabasi ya Kulima Tower. Choncho dulani chiganizo chonse chonyamula chipongwecho.

Tsopano zimene zimalakwika kawirikawiri. Woimba amakhala ndi matiraki angapo: liwu lalikulu, lobwereza pansi pake, oyankhira, ndi timfuu tam'mbali. Munthu amazimitsa lalikulu nkuiwala lobwereza limene lili kumanzere motsika. Kenako reverb ndi delay, zimene zimapatsa mawu mamvekero a m'chipinda ndi kuwabwereza. Ngati mwadula liwu koma delay inajambulidwa kale pa tiraki yakeyake, liwu lija limabweranso lokha patapita kugunda kumodzi, pomwe pali zii, ndipo limamveka bwino kuposa poyamba. Dulani mawu asanalowe mu reverb ndi delay, ndipo ngati zinasindikizidwa kale, zichotseni muzipangenso. Poyesa, zimitsani biti yonse, mumvetsere mawu okhaokha pa mahedifoni mutakweza. Kenako muimvetsere pa sipika ya foni, chifukwa foni imabisa besi nkutulutsa mawu patsogolo, ndipo zimene besi inaphimba mu situdiyo zimaonekera pamenepo.

Yoyerayo, yochotsedwa zotukwana, idutse mu mastering, kukonza komaliza kwa mamvekedwe, yomweyo ndi inzake kuti zikwere mofanana. Tulutsani WAV ya 44.1 kHz 16 bit, ndi MP3 ya 320 kbps. Dzina la fayilo lilembedwe "Radio Edit" poyera, ndipo pa flash yopita ku wailesi pasakhale yotukwanayo ngakhale mu foda ina. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati document kuti isafinyidwe.

Wa pa wailesi

Zonse anena a ku Kabwatazo ndi zoona, koma mudziwe amene mukumukonzera. IBA, bungwe loyang'anira mawailesi ndi ma TV muno mu Zambia, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2002 nkuyamba ntchito mu 2013, simvetsera nyimbo iliyonse isanaulutsidwe. Iyo imagwira mwini laisensi. Womvera akakhumudwa amadandaula ku wailesiyo kaye, zikakanika nkhani imapita ku IBA. Ndiye wosefa weniweni ndi mkulu wa mapologalamu, ndipo iye saganiza za luso lanu, amaganiza za laisensi ndi otsatsa malonda. Mu August 2016 IBA inaimitsa Muvi TV, Komboni Radio ndi wailesi ya ku Itezhi Tezhi. Prime TV inaimitsidwa masiku 30 mu March 2019, ndipo mu April 2020 laisensi yake inalandidwa. Sizinali nkhani za nyimbo, koma palibe mwini wailesi amene anaiwala. Nchifukwa chake ndikuuzeni mosabisa kuti vesi yachitatu ndi imene idzatsekereza nyimbo yanu, osati yachiwiri. Zotukwana amadziwa kuti zimadulika. Dzina la munthu wandale amaliopa.

Pitani ndi mawu onse a nyimbo olembedwa papepala. Wosankha nyimbo akaona mpata wozimitsidwa koma osadziwa chinali pamenepo, amangoiika pambali. Nyimbo ya mipata yoposa inayi kapena isanu mu vesi imodzi ndi yovuta kuiseweretsa m'mawa, pomwe ana ali m'minibasi kupita ku sukulu ndipo kondakitala wakweza wailesi mpaka kumapeto. Ku mawailesi a mipingo musatayeko nthawi ngati mutu wa nyimboyo ndi wa kuchipinda, ngakhale mutachotsa liwu lililonse.

Woimba akaitanidwa kukacheza pa wailesi, mumuchenjeze asaimbe vesi yachiwiri pakamwa. Si situdiyo iliyonse ili ndi makina ochedwetsa mawu masekondi angapo kuti muulutsi athe kutaya liwu loipa lisanatuluke. Pa vidiyo ya pa TV, pomwe liwu lazimitsidwa kamera isakhale pankhope, anthu amawerenga milomo. Ndipo onaninso mawu olembedwa pansi pa vidiyo, chifukwa wolembayo amakopera ku pepala loyamba lija losakonza.

Wodziwa malamulo, Woodlands

Amwene, zimene munamvazo ndi theka la nkhani. Chimene chinachotsedwa ndi gawo 69 la Penal Code (buku la milandu ndi zilango zake), mlandu wonyoza Pulezidenti, umene chilango chake chinkafika zaka zitatu. A Hakainde Hichilema anasaina kuchotsedwa kwake pa 23 December 2022, tsiku lomwe chilango cha imfa chinathetsedwanso. Gawo limenelo linkateteza Pulezidenti yekha. Khansala wanu silinkamukhudza ndi kale lomwe.

Ufulu wolankhula uli mu gawo 20 la Malamulo Aakulu a dziko, koma gawo lomwelo limalola malamulo ochepetsa ufuluwo pofuna kuteteza bata, makhalidwe a anthu ndi mbiri ya anthu ena. Ndiye zotsala ndi izi.

Gawo 179 ndi la kulankhula mawu achipongwe oti angapute munthu mpaka kuyambitsa ndewu, ndipo chilango chake chimafika miyezi itatu. Gawo 178 muli mlandu wochita zinthu zoti zingasokoneze bata. Umenewu ndi umene woimba Pilato anazengedwa mu June 2015 chifukwa cha nyimbo yake yonena za mtsogoleri wa nthawi imeneyo, ndipo boma linadzausiya mlanduwo. Onani bwino pamenepa: sanamuzenge ndi gawo 69, ndiye kuchoka kwa 69 sikunatseke khomo limene iye analowetsedwera.

Gawo 177 ndi la zinthu zolaula: zolemba, zithunzi, mafilimu, ndiponso zionetsero za pagulu zoti zingaononge makhalidwe. Chilango chimafika zaka zisanu kapena chindapusa. Lamuloli silifotokoza bwinobwino kuti cholaula nchiyani, khoti ndilo limaona. Mu 2009 a Chansa Kabwela, mkonzi wa nkhani ku nyuzipepala ya The Post, anazengedwa ndi gawo limeneli chifukwa chotumiza kwa akuluakulu a boma zithunzi za mayi akubereka popanda thandizo nthawi ya sitalaka ya ogwira ntchito zachipatala, ndipo khoti linawamasula mu November chaka chomwecho. Kwa inu oimba, gawoli limaluma kwambiri pa vidiyo ndi pa siteji kusiyana ndi pa mawu atatu a mu vesi. Mukumbukira mu March 2018 wovina wa ku South Africa, Zodwa Wabantu, anabwezedwa osavina muno.

Limene muyenera kuliopa kwambiri m'nyimbo zosakaniza zilankhulo ndi gawo 70: kuonetsa chidani, kunyoza kapena kupeputsa anthu chifukwa cha mtundu wawo, kumene amachokera kapena khungu. Chilango chimafika zaka ziwiri. Mzere woti anthu a mtundu wakuti ndi akuba, ngakhale mulibe chotukwana, ndi woopsa kuposa vesi yanu yachiwiri yonse.

Tsopano khansala. Kuipitsa mbiri ya munthu kudakali mlandu mu gawo 191, komanso iye angathe kukusumirani yekha kufuna chipukuta misozi. Apa chofunika ndi kusiyanitsa mitundu iwiri ya mizere. "Ngalande yatsekeka, mvula ikagwa madzi alowa m'nyumba, akhansala muli kuti?" Uku ndi kudzudzula ntchito ya munthu amene anapempha yekha mavoti, pa chinthu choti aliyense akuchiona ndi maso, ndipo kumatetezeka. "Akhansala anadya ndalama za chitukuko za CDF" ndi kumunenera munthu mlandu wakuba, ndipo khoti lidzafuna inu mubweretse umboni, osati zimene anthu amanena pa msika. Kuchotsa dzina sikukwanira ngati mwasiya dzina la wadi, mtundu wa galimoto yake kapena dzina lake lachipongwe limene komboni yonse imalidziwa. Funso la khoti ndi loti kodi womvera wamba akanazindikira kuti akunena uje. Ndipo mlandu sugwera woimba yekha. Wojambula amene waitulutsa, wailesi imene yaiulutsa, ngakhale tsamba la pa Facebook limene laigawa, onse amawerengedwa kuti afalitsa.

Pa intaneti pali malamulo akeake. La 2021 linalowedwa m'malo mu April 2025 ndi awiri, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, ndipo lachiwirili lili ndi milandu yozunza ndi kunyazitsa munthu kudzera pa foni kapena kompyuta. Musaganize kuti imene wailesi yakana ili pabwino ikakhala pa TikTok.

Musaiwalenso Local Court. Milandu yambiri ya kutukwanana muno imathera kumeneko, ku Matero, ku Chawama, ku Chilenje, potsata mwambo, popanda maloya, ndipo wotukwana amalamulidwa kulipira. Ngati nyimbo ikunena za chibwenzi chakale kapena mnansi wodziwika, samani imachokera kumeneko. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Nyimbo ikawoloka malire pa Mwami kulowa ku Mchinji m'Malawi, kumeneko kuli bungwe losefa zosangalatsa pansi pa lamulo la 1968, ndipo mawailesi amayang'aniridwa ndi MACRA. Zololedwa kuno musaziyese zololedwa konse.

Alangizi a ku Mtendere

Mwanawe, ine makina sindiwadziwa, koma mawu ndimawadziwa, ndipo ndikuona ngati nonse mukuthamangira lumo musanafunse ngati tsitsilo linayenera kumera pamenepo.

Zolaula si zachilendo kwa ife. Ku chinamwali anamkungwi amatchula chiwalo chilichonse ndi dzina lake, osazungulira, chifukwa namwali ayenera kumva. Nyimbo zina za gule pa maliro sungaziimbe pakhomo tsiku wamba. Angoni ndi Abemba amanyozana chimbuya, chibale chonyozana mwanthabwala, pa maliro pomwe, kupakana ufa kumaso, kulandana nkhuku, ndipo palibe amapita ku polisi. Atonga ndi Alozi chimodzimodzi. Koma chilichonse mwa izi chili ndi mpanda wake: ndani akunena, akuuza ndani, pamalo pati, ndani sayenera kumva. Namwali akalangizidwa, ana amathamangitsidwa. Chimbuya chimagwira chifukwa winayo ali pomwepo ndipo abweza. Nyimbo ya pa foni ilibe mpanda. Imalira m'basi momwe mwakhala mkamwini ndi apongozi mpando umodzi, onse nkumayang'ana pawindo. Ndipo nthabwala ya chimbuya ikajambulidwa nkumvedwa ndi munthu wosadziwa chibalecho, isanduka chimene anena a malamulo aja pa gawo 70.

Amayi a pamtondo ankadzudzula mwamuna waulesi, mpongozi wankhanza, ngakhale mfumu, mudzi wonse nkudziwa amene akunenedwa, koma dzina osatchula ndipo chiwalo osatchula. Ankanena za tambala wolira kwa eni, za khasu logona m'munda. Mwana ankaimba nawo osadziwa kanthu, wamkulu nkumaseka chamumtima. Chimenecho ndiye chiphiphiritso, ndipo chimaluma nthawi yaitali kuposa chitukwano, poti chitukwano chimatha mphamvu ukachimva kachitatu. Mawu atatu anuwo mukawapeza a chining'a olowa m'malo mwake, simudzafunanso nyimbo ziwiri. Khansalayo mupatseni dzina la nyama yodya zosalima.

Wodziwa malamulo, Woodlands

Amayi mwanena zoona pa luso, koma ndiwonjezere pang'ono kuti mnyamatayu asadalire nyama kwambiri. Mu January 2004 wolemba nthabwala Roy Clarke analemba mu The Post nkhani yoyerekeza atsogoleri ndi nyama za kutchire, ndipo boma linalamula kuti achoke m'dziko. High Court inakana lamulolo, ndipo Supreme Court inagamula momukomera mu 2008. Anapambana, koma patapita zaka zinayi. Chiphiphiritso chimakuthandizani pamaso pa woweruza, sichiletsa munthu wokwiya kukadandaula. Mukatchula nyama, musaiveke tayi ya mtundu umene khansalayo amavala. Ndipo wina akaitanidwa ku polisi, apite ndi munthu wamkulu, asasaine chimene sanawerenge, ndipo adziwe kuti belo ya ku polisi salipira. Wosowa ndalama ya loya apite ku Legal Aid Board.

Mnyamata wa ku Chawama

Zikomo kwambiri nonse, amayi ndamva. Vesi yachitatu tiilembanso, itsale ya ngalande yokha. Koma a ku Kabwata, session ija palibe, yatsala WAV yosakaniza kale ndi biti payokha. Tipange bwanji? Nanga pa intaneti tiike iti?

Wa situdiyo ku Kabwata

Poti biti ilipo payokha, mwapulumuka. Ikani WAV yosakaniza pa tiraki imodzi, biti pa tiraki yachiwiri, muzilunzanitse ndendende poyang'ana kugunda koyamba kwa ng'oma mutakulitsa chithunzi cha mafunde mpaka kumapeto. Pomwe pali mawu oipa, tsitsani yosakanizayo nkukweza biti, ndi crossfade yaifupi mbali zonse, kuti ina izitsika pomwe inzake ikukwera. Vuto ndi loti yosakanizayo inadutsa mu mastering pomwe biti sinadutse, ndiye pampatapo nyimbo imagwa mphamvu. Ikwezeni bitiyo ndi limiter, chida chokwezera mawu osasweka, mpaka zifanane musanayambe kudula. Onaninso ngati ziwirizo zikuyenderabe limodzi kumapeto kwa nyimbo, chifukwa imodzi ikakhala ya 44.1 kHz ina ya 48 kHz nkulowetsedwa molakwika, zimayamba pamodzi nkumasiyana msangamsanga. Mapologalamu olekanitsa mawu ndi biti aja agwiritseni pa masekondi ochepa okhawo, osati nyimbo yonse, chifukwa amasiya kaphokoso ngati ka madzi pa zinganga ndi pa "s". Koma poti vesi yachitatu mukuimbanso, woimba akhala ali pa maikolofoni kale. Aimbiretu nyimbo yonse pa bitiyo, ndi ntchito ya tsiku limodzi, ndipo ulendo uno musunge stems, matiraki onse lililonse palokha, pa malo awiri.

Za pa intaneti: mukamatumiza kudzera kwa ogawa nyimbo monga DistroKid kapena TuneCore, amafunsa ngati nyimbo ili ndi mawu olaula. Yankhani zoona ngakhale mawuwo ndi a Chinyanja oti makina awo sangawamve, chifukwa womvera mmodzi akadandaula nyimbo imatha kuchotsedwa, ndipo kuibwezera kumatenga nthawi. Yotukwana imalandira chizindikiro cha E, ndipo siimveka pa mafoni amene makolo anatseka nyimbo zotere. Chizindikiro cha "clean" ndi cha nyimbo imene ili ndi inzake yotukwana. Ngati mwatsata malangizo a amayi aja nkukhala ndi imodzi yokha yopanda chitukwano, musaiike "clean", ingonenani kuti ilibe zolaula. Mukatulutsa ziwiri, iliyonse ikhale ndi nambala yake yoizindikiritsa ya ISRC, ndipo zonse mukazilembetse ku ZAMCOPS, bungwe lotolera ndalama za eni nyimbo, ndi mutu umodzi kuti ndalama za kuulutsidwa zisasochere. Pa YouTube ikani yoyera ngati vidiyo yaikulu, ndipo mutu ndi chithunzi chapamwamba zikhale zopanda liwu loipa, poti zimenezo ndi zimene zimayamba kuonedwa posankha ngati vidiyo ilandire malonda kapena itsekeredwe ana.